Ndalama za ku Joni Zilibe Mpanda

Maganizo opita ku Joni anandibwerera tsiku limene matilesi anga anatuluka m'nyumba ali pamutu pa NyaMhone, masanasana, mudzi wonse ukuonerera. Pambuyo pake panali NyaKaunda atanyamula mapoto anga, wina wailesi, wina mpando. Sanali akuba ayi. Anali anzanga a gulu la ngongole, anthu oimba nawo kwaya imodzi kutchalitchi. NyaMhone ameneyu tinakulira limodzi kuno ku Kande, chilimika tinkavina mzere umodzi tili atsikana. Podutsa pamene ndinaima sanandiyang'ane kumaso. Anangoti, "NyaLongwe, pepa. Takulipirira katatu. Nafenso tili ndi ana."

Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango, miyendo tambalale, misozi osatuluka. Pomwepo ndinalumbira kuti ngongole ine ndi chala changachi sitidzakumananso. Ndikapeza mpamba wangawanga, wopanda mwini wina, ngakhale ndikaupeze kumapeto a dziko. Ndipo kwathu kuno kumapeto a dziko timakudziwa, ndi ku Joni. Amuna athu akhala akupitako kuyambira kale, ena kubwerako ndi masuti, ena kubwerako mbiri yokha. Masiku ano akazi nawonso akupita. Ndinati nanga ine ndalumala pati?

Koma ndisalinamizire bungwe limene linkabwereketsa gulu lathu ndalama, poyamba linandithandiza. Mwamuna wanga atamwalira ndinatsala ndi mwana wanga Tamara pamodzi ndi ana ake atatu, bambo wawo atathawira kwa mkazi wina ku Nkhotakota. Tinkangodya za m'munda wa chinangwa, sopo kumuona mwa apo ndi apo. Ndiye kunabwera mnyamata wa njinga yamoto, wa ku Dedza, Chichewa chake chosalala ngati cha pa wailesi. Anati amayi khalani khumikhumi, tikubwerekeni mpamba, chikole sitifuna, chikole chanu ndi anzanuwo. Wina akalephera, otsalawo amulipirira. Ine kulemba sindidziwa, ndinadinda chala. Ndinayamba kugula usipa kwa asodzi m'mawa, kuuyanika pa thandala, kukaugulitsa ku Mzuzu. Ngongole yoyamba ndinabweza, yachiwiri ndinabweza. Matilesi ajatu ndinagula ndi phindu lomwelo, kale lonse ndinkagona pamphasa. Zidzukulu zinayamba kumwa tiyi wa shuga ndi kupita kusukulu zitavala nsapato.

Chovuta chinali chimodzi. Bungwe linkafuna ndalama zake Lachitatu lililonse, koma nyanja siidziwa Lachitatu. Usipa amaugwira ndi nyali kukakhala mdima. Mwezi ukawala, nsomba sizibwera ku nyali, asodzi amangokhala kumtunda kusoka maukonde. Mwera ukayamba kuwomba, bwato limatha masabata lili pamchenga. Tinkamuuza mnyamata uja zimenezi. Iye ankati, "Amayi, za mwezi ine sindikuzidziwa. Ine ndikudziwa za Lachitatu." Ngongole yachitatu ndinatenga yokulirapo, ndinagula usipa wodzaza thandala lonse. Kunagwa mvula ija ya kumapeto, yosadziwa kuleka, usipa unaola ndikuuona, ntchentche ndi mphutsi zinadya mpamba wanga. Mvula itangoleka, mwera uwu. Mapeto ake ndi matilesi aja.

Ku Joni kunali mwana wa mkulu wanga, Dorika, amene ankagwira ntchito ya m'nyumba. Ndiye ananditumizira ya basi, kuti ndidzamubwezera ndikayamba kulandira. Ya pasipoti ndinagulitsa mbuzi ndi theka la munda wa chinangwa chisanakumbidwe. Tamara anati, "Ama, pa msinkhu wanuwu? Anzanu akulera zidzukulu." Ndinati, "Zidzukulu zimaleredwa ndi chiyani, ndi malovu?" Ndinakwera basi ku Mzuzu. Ulendo wake musandifunse. Miyendo inatupa ngati maungu, pamalire ndinkangotsatira mayi wa patsogolo panga, akapereka kabuku nane ndapereka, akathamanga nane ndathamanga.

Ntchito imene Dorika anandipezera inali yosamalira gogo wachizungu amene miyendo inafa, mutunso utasokonekera. Kumusambitsa, kumudyetsa ndi supuni, kumusintha matewera ngati khanda. Iye ankandilankhula Chizungu, ine ndinkamuyankha m'Chitonga, tinkamvana ngati nkhuku ndi bakha, koma tsiku linkatha. Nthawi zina ankandigwira dzanja n'kumanditchula dzina la mng'ono wake amene anafa kalekale. Ndinkangovomera. Munthu ukakhala kutali, ngakhale wokuitana dzina la munthu wakufa umamuthokoza kuti wakuitana.

Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja. Kuzizira kwa kumeneko si kwa kuno, kumalowa m'mafupa n'kumangamo nyumba. Masiku a pa pasipoti atatha ndinasanduka khoswe, ndikaona galimoto ya polisi ndinkakhotera m'shopu ngati ndikugula kanthu. Kutuluka kunali Lamulungu lokha, kupita kumene Amalawi tinkapemphera, kukamva chilankhulo cha kwathu ndi kugula ufa wa kondowole kwa anyamata onyamula katundu kuchokera kumudzi. Kapepala kakang'ono mtengo wake ungagule dengu lonse kuno. Ndinkaphika pang'onopang'ono ngati mankhwala.

Lero ndikakhala pa thandala ndimamva ena akunong'onezana kuti NyaLongwe anakadyerera ku Joni. Ndimangoti mukanadziwa. Kumene ndinakadyerera ndi kuchapa zofunda zonyowa ndi mikodzo ya mayi wa eni, manja atauma ndi chisanu.

Dorika anandiphunzitsa kutumiza mawu pa foni, umangodina ndi chala n'kulankhula. Ndinakondwa, ndinati tsopano osaphunzira tapeza kalata yathu. Koma mawu ochokera kumudzi onse anali ndi mchira umodzi. Amayamba ndi moni wa "Mwe uli, ama," amathera ku ndalama. Katswiri wake anali mlongo wanga Yotamu, wobadwa pambuyo panga, msodzi wa mapulani ambiri kuposa nsomba. "Achemwali, muli bwanji kumeneko? Kuno tonse tili bwino, kungoti ukonde wang'ambika." Mwezi wina, kungoti bwato likuchucha. Mwezi wina, kungoti mlamu wanu dzino. Panalibe anandifunsapo kuti kodi mukufunda chiyani. Tamara yekha nthawi zina ankaika ana kuti andiimbire nyimbo za kusukulu. Zimenezo ndinkazibwereza ndikamasita, mpaka gogo uja anazigwira, n'kumang'ung'udza nane.

Komabe uli kutali kukana n'kosavuta. Umangozimitsa foni masiku angapo, kenako n'kunena kuti inagwera m'madzi. Ndinkatumiza ya chakudya kwa Tamara mwezi ndi mwezi. Ndinabwezera Dorika. Ndinabwezeranso amayi a gulu zonse zimene zinatsalira atagulitsa katundu wanga, kuti dzina langa lisamatchulidwe pamsonkhano wawo. Zotsala ndinkakulunga m'sokosi n'kukwirira m'chitini cha ufa. Nsapato imodzi ndinayenda nayo zaka zonse. Ndikakhumba nyama ndinkadziuza kuti leka, uwu ndi msomali wa thandala.

Mvula zinayi zinandipeza kumeneko. Kenako gogo uja anagona osadzukanso. Ana ake anandipatsa malipiro a mwezi ndi mabulangete awiri, n'kundiuza kuti nyumba akugulitsa. Maondo anga nawonso anali atayamba kulira pokwera masitepe. Ndinatsegula chitini chija, Dorika anandiwerengera. Anati, "Ama, izi mumanga mathandala atatu, n'kugula usipa chaka chonse osabwereka kwa munthu." Ndinavina m'kachipinda muja ndekha.

Ndinafika mu Disembala, nthawi imene a ku Joni amabwera. Ife Atonga sitibwerera kwathu ngati othawa nkhondo, ndiye ndinagula diresi, chipewa ndi sutikesi ya mateyala. Ndalama ndinasokera m'lamba wa nsalu, m'chiuno. Potsika minibasi pamsewu, nthungululu. Ana kulimbirana sutikesi. Tamara kulira. Ndinati ee, kwanu n'kwanu.

Mawa lake anayamba kubwera olonjera. Munthu wodzakulonjera ukachokera ku Joni sabwerera chimanjamanja, uyu sopo, uyu shuga, azakhali chitenje. Zimenezo ndinazikonzekera, zinali m'sutikesi. Chimene sindinawerengere ndi maliro. Aliyense amene anamwalira ine kulibe, ndinayenera kupita pakhomo pake kukakhala pansi, kulira pang'ono, n'kusiya chipepeso. Zaka zinayi anthu amafatu, anzanga. Ndinayenda kuyambira kuno mpaka ku Bandawe, khomo ndi khomo. Ndipo wa ku Joni sapepesa ndi ndalama zachitsulo. Ukatulutsa yaing'ono amaiyang'ana, n'kukuyang'ana chipewa.

Ndisanapume, Yotamu anabwera ndi akuluakulu a banja. Anakhala pamipando, zipewa pamaondo. Yotamu ndiye anayamba.

"Achemwali, mwapitako kumanda?"

"Ndapitako."

"Mwawaona amayi athu mmene agonera? Mulu wa dothi ngati mzere wa chinangwa. Pambali pawo a Mhone anamanga chiliza cha matailosi, chowala ngati bafa la ku hotela. Anthu akuti chiyani? Akuti mwana wawo wachokera ku Joni ndi chipewa, amake akunyowa ndi mvula."

Mungayankhe chiyani pamenepo? Ndi amayi anga, anandiyamwitsa. Ndinamasula lamba. Simenti, matailosi, mmisiri, wolemba dzina. Tsiku lovundukula chiliza panafunika mbuzi, mpunga ndi zakumwa, chifukwa abale anachokera mpaka ku Usisya. Ena onse a m'banja anati ife tithandiza ndi mphamvu, anatuta mchenga. Mchenga wa kunyanja, waulere. Polankhula pamwambo Yotamu anaimirira atavala jekete, n'kunena kuti ife ana a malemu tayesetsa. Theka la mpamba wanga linagona pamanda paja.

Ndinati basi, zatha, tsopano ndiyambe geni. Ndinamanga mathandala awiri m'malo mwa atatu. Usipa unkapezeka, msika ku Mzuzu unali bwino. Koma ndalama zinkatuluka ngati madzi m'dengu. M'mawa uno mwana wa msuweni wathamangitsidwa fizi. Mawa mpongozi wa azakhali akufunika galimoto yopita kuchipatala ku Chintheche. Wina angofika pa thandala, watapa usipa wodzaza mbale, "Ama, ndidzakupatsani Loweruka." Loweruka lake mpaka lero silinafike. Ndikati ndilibe, ankaseka. "A ku Joni angasowe?" Ndikachita tsinya, ankati, "Kupatsa n'kuika, ama." Ine ndinaika, ndinaika, kotenga sindinakuone.

Mwina mukuti bwanji osangokana. Kanani inuyo. Kuno nkhalamba yokhala ndi ndalama n'kumakana abale ake imapatsidwa dzina. Amayamba ndi kuti ndi yonyada, kenako ndi youmira, kenako mwana wina akatentha thupi mumva kuti ndalama zija n'zokhwimira. Tsiku lina ndinamukaniza mwana wa msuweni ndalama ya foni. Lamulungu lake kutchalitchi benchi imene ndinakhala inali ndi malo mbali zonse ziwiri. Ndipo Tamara anandiuza kuti, "Ama, mukadzadwala adzakunyamulani ndi anthu omwewa." Ku Joni ndinkazimitsa foni. Kuno ungazimitse chiyani, munthu ataima pakhomo pako akukuona ukutafuna?

Pafupi ndi mathandala anga panali a NyaMhone. Asanu, okhala ndi denga la pulasitiki loti mvula ikabwera amangokoka. Kumsewu anali ndi kagolosale kokhala ndi filiji, nyumba yake ya njerwa zootcha. Munthu amene sanapiteko ngakhale ku Mwanza. Tinkapatsana moni wa pakamwa, mtima wanga unali usanamukhululukire. Ndinkangodzifunsa kuti uyu abale ake anafa onse kodi?

M'mawa wina mabwato atangofika, ndinaona Yotamu akupita kwa iye, akusisita manja.

"Ama NyaMhone, mwayuka uli? Tandibwerekeniko ya petulo, usipa wa mawa wonse ndi wanu."

NyaMhone osasiya n'komwe kumwaza usipa. "Ada Longwe, bwenzi nditakupatsani ndi manja awiri. Koma izi si zanga, ndi za gulu. Mwezi ukatha ndisanabweze, mudzandibwereka malata a nyumba yanu?"

Yotamu anaseka. "Iyayi, za gulu n'zoopsa. Yewu, ama, yewu." Kuthokoza kumeneko, osakwiya, osatukwana. Anatembenuka, n'kulunjika kwa ine.

"Achemwali, injini ili ndi ludzu."

Ndinamupatsa. Mawa lake anabwera ndi bwato lodzaza, n'kugulitsa usipa wonse kwa munthu wa lole wa ku Mzuzu amene anawonjezera mtengo. Ine ndili chiimire ndi mabeseni anga. Nditamufunsa anati, "Nanga inu ndi mlendo? Zathu tidzakambirana kunyumba."

Tsiku limenelo ndinamasula lamba ndili ndekha. Zimene zinatsala zinali zogulira usipa wa mdima umodzi, mwina iwiri. Zaka zinayi za matewera. Ndinamva kutentha m'mutu, ndinapita kwa NyaMhone osagogoda.

"Iwe, tandiuza. Uli ndi mankhwala anji? Mlongo wanga ukumukaniza akuseka, ine ndikamukaniza ndine mfiti."

Anandiyang'ana, n'kundikankhira mpando. "Khala pansi, ungagwe. Mankhwala ake ndi omwe aja unawathawa."

"Ngongole? Imene inandigoneka pansi?"

"Yomweyo. Ukuganiza kuti ine ndikuifunabe ngongole? Mpamba ndili nawo wanga, wokwana. Koma chaka chilichonse ndimatengako pang'ono, ndimasakaniza ndi zanga. Zikasakanikirana ndani angaloze kuti iyi ndi ya NyaMhone, iyi ndi ya gulu? Zonse ndi za gulu. Munthu akabwera ndimamuuza zoona, ndipo amandimvetsa, chifukwa mudzi uno unaona ndi maso zimene gulu limachita. Unawaphunzitsa ndiwe."

Mawu amenewo anandibaya. Ndinati, "Ndiye manyazi anga ndi amene akukulondera golosale?"

"Pepa, koma ndi choncho. Wodwala weniweni ndimamuthandiza, maliro ndimapereka. Koma ndimasankha ndine. Zako za ku Joni zilibe mpanda, NyaLongwe. Mbuzi iliyonse ikudyamo, ndipo siikulakwa."

Ndinamufunsa za Lachitatu lija. Anati nditangochoka, akazi ena awiri anagwanso chimodzimodzi, ndiye magulu onse a m'mbali mwa nyanja anagwirizana kuti satenganso ngongole mpaka kabwezedwe kasinthe. Anakhala miyezi osadinda chala. Bungwe litaona kuti ndalama zake zikungogona, linatumiza mayi wina wa ku Chintheche konkuno, mwana wa msodzi, ndipo anagwirizana zobweza kamodzi pamwezi, mdima ukatha. Ndinati ndiye zinthu zili bwino tsopano. Anati, "Bwino pati? Chiwongola dzanja chikulumabe ngati nsikidzi. NyaKaunda chaka chatha tinamuchotsera malata, analira, nafe tinalira. Walira mvula walira matope. Koma tayang'ana amene tatsalamo."

Ndinapita kunyumba ndikutukwana m'njira. Kutukwana bungwe, kutukwana Yotamu, kutukwana basi imene inandinyamula. Ndinakhala sabata yonse ndikulimbana ndi lumbiro langa. Koma lamba anali kupepuka, ndipo lumbiro silidyetsa zidzukulu.

Tsiku la msonkhano ndinavala chitenje chakale, chipewa ndinasiya. Amakumana pakhonde la tchalitchi. Nditafika onse anandicheukira. Ndikuyang'ana pokhala, ndinaona nkhope imene sindinaiyembekezere. NyaBanda, mkazi wa Yotamu, atakhala kutsogolo, mbale ya ndalama ili pamiyendo pake. Ndi iye wotolera.

"Mlamu, mwabwera?" anatero. "Mwachedwatu."

"Inu muli m'gulu?"

"Chaka chachitatu chino. Nanga zitenje ndimagulitsa zija mumati mpamba anandipatsa ndi achimwene anu?"

"Ndiye petulo bwanji osamugulira ndinu, mwamuna wanu?"

Khonde lonse linaphulika kuseka. NyaBanda anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Mlamu, amandipempha tsiku lililonse. Ndimawauza kuti ndi za gulu, amatuluka. Nanga mumaganiza kuti kwanu amabwera chifukwa chokukondani kwambiri? Mzere wonse uno, khomo lopanda gulu linatsala lanu lokha."

Wina kumbuyo anati, "Tinkangoti tione a ku Joni atha liti." Anasekanso. Ine sindinaseke. Ndinkaona anthu onse aja amene ankatapa usipa wanga, ndi akazi awo ndi amayi awo atakhala pakhonde pomwepo, aliyense ndalama zake zili bwinobwino pamfundo ya chitenje.

Sanandilandire ndi manja awiri ayi. Ena anati uyu anatigwetsapo kale. NyaMhone anaimirira nati, "Anabweza zonse ali ku Joni, ndani wa inu akanatero? Akalephera, muyambire kwanga." Anandilola pa ngongole yaing'ono kwambiri, ya oyamba kumene. Mayi wa bungwe uja atabwera anandigwira chala, n'kuchiviika mu inki. Chala chomwe chija. Ndinayang'ana kumbali.

Ndalama ndinalandira pamaso pa anthu, ndipo ndinaonetsetsa kuti ndadutsa njira ya pakati pa mudzi, inki ili pachala, ndikupatsa moni aliyense ndi dzanja lomwelo. Pofika kunyumba ndinazisakaniza ndi zotsala za m'lamba.

Sipanapite masiku, Yotamu uyu, m'mawa ndikuyanika.

"Achemwali, injini yafa. Mekaniki akuti kachitsulo kake kali ku Mzuzu. Mukandithandiza lero, mdima uno usipa wonse ndi wanu."

Munthu ndinamubereka kumsana ali khanda, amayi ali kumunda. Ndinamwaza usipa kawiri, katatu, kenako ndinati, "Yotamu, bwenzi nditakupatsa. Koma izi ndi za gulu."

Anayang'ana thandala, anayang'ana chala changa.

"Mwalowa?"

"Ndalowa."

"Zaka zonse zija ku Joni, kubwera kudzakhalanso kapolo wa ngongole? Anthu akuseka inu, achemwali."

"Aseke. Mwezi ukatha ndisanabweze, adzayambira kwa ine, kenako kwa mkazi wako, poti tili gulu limodzi. Malata ako ndi angati?"

Anakanda m'mutu, anatukwana injini, anatukwana mekaniki. Ine sananditukwane. Anangoti, "Akazi a mudzi uno mwatitsekera zitseko zonse," n'kumapita cha kumsewu. Madzulo ake ndinamva kuti wagulitsa wailesi yake yaikulu n'kukwera minibasi ya ku Mzuzu kukagula kachitsulo kaja. Kani njira anali nayo.

Papita chaka tsopano. Thandala lachitatu ndamanga, zidzukulu zili pasukulu, Tamara ndi amene amapita ndi usipa ku Mzuzu chifukwa maondo anga akana. Lamulungu benchi yanga imadzaza, palibe amanditcha dzina. Koma musaganize kuti ndine wokondwa. Mdima ukatha ndimamanga ndalama pachitenje, kupita pakhonde paja, kukapereka chiwongola dzanja pa ngongole imene sindiifuna, kwa anthu a mu ofesi amene sadziwa n'komwe fungo la usipa. Ndalama ndili nazo zanga, ndinazivutikira ndekha m'chisanu cha eni. Chimene ndimakagula kumeneko mwezi ndi mwezi ndi chilolezo chouza mlongo wanga wa bere limodzi kuti ayi, iye n'kudzandipatsabe moni mawa.